Kodi Munthu Angadzichitire Umboni Popanda Kudzitama?

Munthu amene waitanidwa ku mayeso a ntchito ya wachiwiri kwa manijala m'sitolo yaikulu, monga za Chipiku kapena Sana, amapezeka pakati pa zofuna ziwiri zooneka ngati zotsutsana, chifukwa kunyumba, kutchalitchi kapena kumzikiti anaphunzitsidwa kuti kudziyamikira n'kosayenera, pomwe ofunsa mafunso akuyembekezera kuti iye mwini afotokoze chimene akuposera anzake amene akudikira panja. Nkhaniyi si yaing'ono, pakuti amene apatsidwe udindowu ndiye azisunga makiyi bwana akachoka, azitsimikizira ndalama zogulitsira katundu madzulo aliwonse, azilandira katundu watsopano ndiponso azigawira anzake masiku ogwira ntchito.

Mabuku oyera sayankha funsoli ndi mawu amodzi. Buku la Miyambo, pa mutu 27, limalangiza munthu kuti asiyire ena ntchito yomutamanda, ndipo m'Chisilamu muli hadisi, ndiko kuti nkhani ya zimene Mneneri Muhammad ananena kapena kuchita, yoletsa munthu kupempha yekha ulamuliro. Komabe nkhani ya Yosefe ku Iguputo, amene anaikidwa kuyang'anira nkhokwe za dziko lonse, imafotokozedwa m'njira ziwiri zoyenera kuzilingalira. Pa Genesis 41 Yosefe amangolangiza Farao kuti afune munthu wanzeru, ndipo Farao yekha ndiye amaona kuti munthuyo ndi amene waima pamaso pake, pamene mu Korani, pa Sura 12 ndime 55, Yusuf, amene ndi Yosefe yemweyo, amapempha yekha udindowo natchula kuti amatha kusunga zinthu komanso amaidziwa ntchitoyo. Akatswiri omasulira Korani anafotokoza kuti pempho lotere n'lololedwa ngati munthu akudziwa kuti akakhala chete ntchitoyo igwera m'manja mwa wosaitha, anthu n'kuvutika.

Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene anamwalira m'chaka cha 322 Khristu asanabadwe, anakamba za nkhani yomweyi m'chigawo chachinayi cha buku lake la Nicomachean Ethics, momwe anaika kunena zoona za iwe mwini pakati pa zolakwika ziwiri, zomwe ndi kudzikuza, kumene kuli kudzinenera zimene ulibe, ndi kudzichepetsa konyenga, kumene kuli kukana zimene uli nazo. Iye anavomereza kuti wodzichepetsayo amakondweretsa anthu koposa wodzikuza, koma sanamuchotse m'gulu la opatuka pa choonadi. Poyang'ana za m'sitolo, mfundoyi ndi yomveka, chifukwa wogulitsa waluso amene wabisa luso lake poopa kutchedwa wamatama wasocheretsa eni sitolo, ndiponso walakwira anzake amene tsopano aziyang'aniridwa ndi munthu wodziwa kulankhula kokha.

Vuto lenileni, limene olangiza za mayeso a ntchito salitchula kawirikawiri, ndi lakuti khalidwe lofunika koposa pa udindowu, lomwe ndi kukhulupirika, ndi limenenso mawu sangalitsimikize konse, popeza wakuba ndi wolungama onse awiri amanena mofanana kuti ndi okhulupirika, ndipo wakubayo mwina ndiye amanena mwachidaliro choposa. Choncho kusiyana kwa umboni ndi kudzitama sikuli m'kufatsa kwa mawu kapena m'kuweramitsa mutu, koma kuli poti zonenedwazo zingathe kufufuzidwa. Amene wanena kuti ndi wakhama wangodzipatsa dzina, pomwe amene wafotokoza mmene anapezera kuti katundu wa m'mashelefu sakugwirizana ndi zolembedwa m'mabuku, ndi zimene anachita atapeza zimenezo, wapereka nkhani imene bwana wake wakale angaivomereze kapena kuikana, ndipo potero wabwezera chiweruzo m'manja mwa ena monga buku la Miyambo limafunira. Muyeso womwewu umagwiranso ntchito pa funso lodziwika lija lokhudza zofooka za wofunsidwayo, pomwe ambiri amatchula ubwino atauveka chovala cha chofooka, monga kunena kuti amalimbikira ntchito mopitirira muyeso, yankho limene lili kudzikuza ndithu ngakhale limamveka ngati kudzichepetsa.