Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa

Akuluakulu ponena mwambiwu ankatanthauza kuti nzeru yothetsa vuto la pamudzi nthawi zina ili ndi munthu wochokera kwina. Ku Nkhotakota kuno umboni tili nawo: ulimi wa mpunga m'madambo a ku Linga unakula ndi alendo a Chiswahili m'zaka za m'ma 1800.

Koma kalumo sikameta kali m'thumba. Ku China kuli nthabwala yonyoza yoti anthu alipo mitundu itatu: amuna, akazi, ndi akazi a PhD. Mayi wotere akafuna ntchito pa yunivesite ya kunja, amamupinga ndi chilolezo chogwirira ntchito, kalankhulidwe kake ka Chingerezi, ndi kusowa womulankhulira pakati pa olemba ntchito. Ena amayamba afunsa kuti ana awalera ndani, funso limene mwamuna safunsidwa.

Nafenso tisadzitame. Mpaka mu 2016, pamene Pulofesa Address Malata anasankhidwa kutsogolera yunivesite ya MUST ku Thyolo, yunivesite ya boma inali isanatsogoleredwepo ndi mkazi.

Mwana wamkazi wa msodzi wa ku Chia akadzabwerako ndi digiri, tisadzamufunse kuti akwatiwa liti. Tidzamupatse choko, aphunzitse.