Lilime la Mwana ndi Mlendo wa pa Khomo

Palibe mmodzi mwa ife amene amakumbukira tsiku limene adayamba kuphunzira chilankhulo cha makolo ake. Tidachiyamwira pa bere, tidachimvera kumsana kwa amai pa mtondo ndi pa chitsime. Mphatso imeneyi njaikulu, koma nkoyenera kuti tidzifunse: kodi pamene ana athu akuphunzira kulankhula, sakuphunziranso kusankha anthu?

Akatswiri adafufuza nkhaniyi mozama. M'chaka cha 1984, Janet Werker ndi Richard Tees a ku Canada adapeza kuti makanda a miyezi 6 mpaka 8 a m'mabanja olankhula Chingerezi amatha kusiyanitsa mamvekedwe ena a Chihindi amene makolo ao sangawasiyanitse. Koma pofika miyezi 10 mpaka 12, luso lija limazirala, chifukwa khutu lazoloŵera mau a pakhomo pao okha. Nchifukwa chake ambiri a ife timavutika ndi "l" ndi "r" m'Chingerezi: m'Chicheŵa kusinthanitsa ziŵirizi sikusintha tanthauzo, choncho khutu lathu lidaleka kuzisamala tili akhanda. Umenewu si umbuli ai, ndi mmene Mulungu adalengera ubongo wa munthu.

Mtima nawo umatsata khutu. M'chaka cha 2007, Katherine Kinzler ndi anzake adaona kuti ana a miyezi 10 a ku Boston ndi ku Paris ankakonda kulandira chidole kwa munthu wolankhula chilankhulo chao kusiyana ndi mlendo. M'chaka cha 2009 adapezanso kuti ana achizungu a zaka 5 a ku America, powafunsa kuti asankhe bwenzi, ankasankha mwana wakuda wolankhula ngati iwo, nkusiya mzungu mnzao wa kalankhulidwe kachilendo. Kwa anawo lilime lidaposa khungu.

Kodi tinene kuti mwana amabadwa ndi tsankho? Iyai. Kukonda mau amene wazoloŵera si tchimo, pakuti ndi mau omwewo amene amamtonthoza akalira. Koma pali mtunda pakati pa "uyu amalankhula ngati ife" ndi "uyu ndiye munthu weniweni". Mtunda umenewu mwana sauyenda yekha, timamgwira dzanja ndife akuluakulu. Tikamaseka Mtumbuka, Msena, Mlomwe kapena Myao chifukwa cha mmene akutchulira Chicheŵa, mwana amamva. Tikamapatsa mpando wolankhula Chingerezi, nkusiya gogo wa kumudzi ali chiimire, mwana amaona. Paja m'mera mpoyamba.

Malembo Oyera akutionetsa kumene njira imeneyi imathera. M'buku la Oweruza, mutu 12, ankhondo a Yefita adatsekera Aefuremu pa madooko a Yordano, namauza aliyense kuti atchule mau oti "Shiboleti". Wolephera kutchula bwino ankaphedwa pomwepo, ndipo Aefuremu 42,000 adafa pa nkhondoyo. Tisaganize kuti izi nzakale chabe. Mu May 2008, pa ziwawa zothamangitsa alendo ku South Africa, anthu 62 adaphedwa, ndipo Amalaŵi ambiri adathaŵa kubwerera kwao kuno. M'malo ena achiwembu ankafunsa munthu dzina la chigongono m'Chizulu kuti adziŵe ngati ndi mlendo. Amene timaseka anzathu kunofe, kumeneko ndife amene lilime lathu lidatipereka.

Kwathu kuno bala lilipo. M'chaka cha 1968 Chicheŵa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko lonse, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi mpaka m'chaka cha 1994. Ife amene Chicheŵa ndi cha pa bere sitidamve kuŵaŵa kwake, koma abale athu akumpoto adakumva.

Wina anganene kuti chilankhulo chimodzi chimagwirizanitsa dziko, ndiponso kuti mwana ayenera kudziŵa bwino Chingerezi kuti adzapeze ntchito. Nzoona ndithu, ndipo tiwalimbikitse ana pa zimenezi. Koma kuwongolera mwana nkwina, kunyoza munthu nkwinanso. Petulo Woyera adazindikirika pa bwalo la mkulu wa ansembe chifukwa cha kalankhulidwe kake ka ku Galileya, monga tiŵerenga pa Mateyo 26. Komabe ndi mwa Agalileya omwewo mmene Mzimu Woyera adalankhulira pa Pentekoste. Tsiku limenelo Mulungu sadafafanize zilankhulo kuti patsale chimodzi. Aliyense adamva Mthenga Wabwino m'chilankhulo cha kwao. Mu mzimu womwewo, Msonkhano Wachiŵiri wa Vatican udalola mu 1963 kuti zilankhulo za anthu zimveke pa Misa.

Tsono ntchito iyambire pa nkhomaliro ndi pa mgonero, pamene ana amatchera khutu ku zokamba zathu. Tileke nthabwala zoyerekeza kalankhulidwe ka mitundu ina. Ku mphakati, timpatse Baibulo kuti aŵerenge mkhristu uja amene amatchula mosiyana nafe, ndipo timvetsere zimene akunena. Tiphunzitse ana moni wa anansi athu, kaya ndi "Muli uli" kapena "Ali uli". Ana amene taŵaphunzitsa kunena "Atate athu" ayenera kudziŵa kuti Atate amenewo amamva lilime lililonse, ndipo sadasekepo mwana wao aliyense.