Kodi Banja la Msilikali ndi la Yani?

Msilikali akapita kunkhondo asiya munda, nyumba, mkazi ndi ana. Nthawi zina abwerako wamoyo, nthawi zina abwera wopunduka, ndipo nthawi zina kubwera uthenga wokha. Tsono tiyeni tiganizire pamodzi funso ili: kodi otsalawo ayenera kuwasamala ndani?

Funsoli si lachilendo kwa ife a ku Mchinji. Boma lathu kale linkatchedwa Fort Manning, dzina la William Manning, mkulu wa asilikali amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna ambiri a dziko lino analowa m'gulu la King's African Rifles, ndipo ochuluka koposa anagwidwa kukasenza akatundu, ntchito ija ankaitcha tengatenga. M'mwezi wa Novembala 1914 John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo ya eni ake ndi kusiya akazi ndi ana awo pa umphawi. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 ana a amuna aja anakamenya ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma. M'masiku athu omwe, m'mwezi wa Novembala 2018, asilikali a Malawi asanu ndi mmodzi anafa ku Congo pa ntchito yosungitsa mtendere. Mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, anafa populumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo mu 2019 mkazi wake anakalandira mendulo ya ulemu ku New York. Ulemu wotere ndi woyenera, koma mendulo siilima munda ndipo siilipira sukulu.

Alipo ena amene amati, "Msilikali analowa yekha ntchito, nalandira malipiro. Za banja lake adziwa yekha." Mawuwa aoneka anzeru, koma aiwala chinthu chimodzi. Munthu wolima fodya pa esiteti akaona kuti ntchito yamuipira angathe kuisiya. Msilikali sangatero. Analumbira kuti adzapita kumene atumidwa, ngakhale kuli imfa, kuti ife tigone m'nyumba zathu opanda mantha. Malipiro a pamwezi agula thukuta lake, koma moyo wake sangaugule. Chotsalacho ndiyo ngongole, ndipo ngongoleyo ili pa ife tonse.

Ena amati, "Ndi Boma limene linamtuma, choncho Boma lione." Apa pali choonadi chachikulu. Boma liyenera kupereka penshoni ndi chipepeso msanga, pakuti njala siidikira kuti mapepala asainidwe. Koma Boma lili kutali. Silingadziwe kuti denga likudontha, kapena kuti mtedza wafika pokumba ndipo palibe wothandiza. Zimenezi aziona ndi anansi. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sanati mwambiwu uleka kugwira ntchito atate wa mwanayo akavala yunifolomu.

Nanga abale? Pa mwambo wa Achewa, mwini mbumba ndiye ayang'anira mlongo wake ndi ana ake. Pa mwambo wa Angoni, monga kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, ana akhala m'manja mwa akuchimuna. Miyambo iwiriyi isiyana njira, koma yonse ifuna kuti mwana asasowe pogwira. Choipa ndi ichi: ndalama za womwalira zikamveka, abale ena amene sanaonekepo pa matenda afika mothamanga, natenga njinga, malata ndi mbuzi, nati ndiwo mwambo. Umenewo si mwambo, ndi umbala. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 liletsa kulanda katundu wotere, ndipo wochita zimenezi angathe kuimbidwa mlandu.

Wina angafunse kuti, "Kodi amasiye a msilikali aposa amasiye ena?" Iyayi, saposa. Misozi ndi imodzimodzi. Koma wamasiye aliyense timthandiza chifukwa cha chifundo, pamene wamasiye wa msilikali timthandiza chifukwa cha chifundo ndiponso chifukwa cha ngongole. Mudzi umene waphunzira kubweza ngongole imeneyi sudzaiwala amasiye enawo.

Inu amene mwaphunzira kuwerenga ndi kulemba muli ndi chida chimene makolo athu ambiri analibe. Akazi ambiri amataya zoyenera kulandira chifukwa kalata inafika koma panalibe woiwerenga. Muwerengereni mnansi wanu kalata yake mokhulupirika, osaulula zam'kati mwake pabwalo. Muuzeni asunge bwino nambala ya usilikali ya mwamuna wake, mtchatho wa ukwati ndi makalata a kubadwa kwa ana. Mperekezeni kwa amfumu ndi ku ofesi ya a DC, ndipo akakubwezani mupitenso. Mvula ikayandikira, itanani anzanu mukamuthandize kuunda mizere.

Musaiwalenso msilikali wobwerako ali wosweka mtima, amene adzidzimuka usiku ndi kukhala chete masana. Musamseke kapena kumtcha wamisala. Mkazi wake asenza katundu wolemera, ndipo mutu umodzi susenza denga. Khalani naye, mumlimbikitse kupita kuchipatala, ndipo ana ake muwaitane kudzadya ndi anu.