Za Kulera Ana Aang'ono: Makolo ndi Aphunzitsi

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za ana aang'ono, aja muwaperekeza m'mamawa ku sukulu ya mkombaphala. Ambiri a ife tiyesa kuti tikamfikitsa mwana pakhomo pa sukulu, nchito yathu yatha, yotsala nja mphunzitsi. Nayenso mphunzitsi ayesa kuti za kunyumba siziri zace. Cotero mwana akhala ngati munda wa anthu awiri osalankhulana: wina abzala, wina apalira, ndipo palibe wodziwa cimene mnzace anacita dzulo.

Kumbukirani Hana, amace wa Samueli. Atampereka mwana kwa Eli ku Silo, sanati zanga zatha. Caka ndi caka anakwera komweko atamsokera mwinjiro waung'ono. Ndipo ife titi, wosoka cobvala ca mwana caka ndi caka ayenera kudziwa msinkhu umene wafikapo.

Timvenso za anthu a ku Italy. M'caka ca 1945, nkhondo yaikuru itangotha, anthu a m'mudzi wa Villa Cella, pafupi ndi mzinda wa Reggio Emilia, anapeza kasinja, akavalo ndi magalimoto zimene asilikari a Germany anasiya pothawa. Anali osauka, ndipo akadagawana ndalama za katunduyo palibe akadawatsutsa. Koma anapangana kumangira ana ao aang'ono sukulu. Natola njerwa m'mabwinja a nyumba zogumuka ndi mabomba, amuna ndi akazi omwe, namanga ndi manja ao. Mphunzitsi wina wa zaka 25, dzina lace Loris Malaguzzi, pakumva mbiriyi anapalasa njinga kukaona, ndipo anatha moyo wace m'nchito ya ana aang'ono kufikira imfa yace m'caka ca 1994. M'caka ca 1963 akuru a mzindawo anatsegula sukulu yao yoyamba ya mtundu umenewu.

Cimene tifuna mucisunge ndi mwambo wa sukulu zimenezo. Aphunzitsi alemba mau amene ana anena posewera, nasunga zimene ajambula, nazipacika pa makoma kuti makolo aziwerenge; pambuyo pace akhala pansi pamodzi nafunsana, kodi mwanayu aganizanji? Masiku ano m'maiko ambiri mau ndi zithunzi zotere zifika kwa makolo pa foni ndi intaneti, ndipo atate wogwira nchito kutali aona tsiku lomwelo cimene mwana wace waumba. Ncabwino ndithu, ngakhale ticenjeza kuti cithunzi ca mwana wa mwini sicitumizidwa kwa anthu onse osapempha makolo ace. Koma amene alibe foni asadandaule: kope ndi pensulo zikwanira, ndipo pakamwa pakwaniranso.

Nanga cifukwa ninji tiumirira cotere? Cifukwa ana sakula mofanana, ndipo munthu mmodzi sangathe kuona zonse. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalengeza m'caka ca 2006 zimene linapeza poyang'anira ana athanzi a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi United States: ena anayamba kuyenda okha pa miyezi 8, ena anafikira pafupi miyezi 18, onsewo ali bwino. Potero mai asabvutike mtima poona wa mnzace athamanga wace akali kukwawa, ndipo asathamangire kunena kuti wina wammanga miyendo. Koma akapitirira miyezi 18 osayenda, kapena akafika zaka ziwiri osachula mau, musakhale cete. Mukanene ku sikelo, pakuti cithandizo cofulumira ciposa cocedwa.

Taonani bvuto lina limene liticititsa cisoni koposa. Mwana aitanidwa kawiri katatu osaceuka, ndipo mphunzitsi ati, ngwamwano uyu, namkalipira pamaso pa anzace; ena afika pomkwapula. Koma amace kunyumba adziwa kuti khutu la mwanayo licucha mafinya kuyambira nyengo ya dzinja, ndi kuti usiku alira. Mphunzitsi sanafunse, mai sananene, pakuti anaopa kuoneka ngati aphunzitsa mphunzitsi nchito yace. Mwana alangidwa cifukwa ca nthenda imene ikadacizidwa ku cipatala. Ndipo wosamva bwino acedwanso kulankhula, nadzabvutika powerenga. Cimo liri kwa yani pamenepa? Ife tiyesa liri kwa onse awiri, koma lalikuru liri kwa wophunzirayo, amene anayenera kuyamba kufunsa.

Mphunzitsi nayenso ali ndi zace zimene makolo sangazione. Iye aona mwana pakati pa anzace a msinkhu umodzi: adziwa amene akhala yekha pambali, amene asendeza cinthu pafupi ndi maso kuti acione, amene awodzera dzuwa lisanakwere cifukwa anacoka kunyumba wosadya. Aphunzitsi anzathu, musamaitana makolo pokha pokha mwana atalakwa, pakuti mukatero adzabwera ndi mantha ngati oitanidwa ku mlandu, nadzabisa zimene mufuna kumva. Muwauzenso tsiku limene mwana wawerenga miyala kufikira isanu.

Ndipo inu makolo, agogo ndi amalume omwe, pomperekeza mwana Lolemba musabwerere panjira. Fikani pakhomo, perekani moni, nimunene ngati anagona bwino, ngati anadya, ngati anatentha thupi, ngati pakhomo panu pagwa maliro. Amene muli ndi buku lace la ku sikelo mupite nalo, kuti aphunzitsi aone m'mene akulira.