Kodi Mwana wa ku Mkanda Aphunzirenji za Maiko Akutali?

Pali funso limene makolo ena a ku Mkanda, m'boma la Mchinji, amafunsa aphunzitsi. Amati, "Mwanayu adzalima munda wa makolo ake, ndipo ulendo wake wautali ndi wa ku Chipata kapena ku Lilongwe. Nanga apindulanji podziwa mapiri a Andes ndi mtsinje wa Amazon?" Funso limeneli si lopusa ayi, ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu.

Makolowa ali ndi mbali yao yoona. Mwana amene atchula mitsinje ya kutsidya la nyanja pamtima, koma osadziwa kuti Rusa amathira mu Bua, ndi kuti Bua amakathira m'nyanja ku Nkhotakota, afanana ndi munthu womanga denga asanazike nsichi. Mwana ayambire kwao ndithu. Koma kuyambira kwao sikutanthauza kuthera pomwepo.

Taonani munda wa ku Mkanda. Chimanga chimene chimatchedwa chamakolo sichinayambire kuno. Anthu a ku Mexico ndiwo anayamba kuchilima zaka ngati 9,000 zapitazo, ndipo chinaoloka nyanja Columbus atafika kale ku America mu 1492. Mtedza umene Mchinji atchuka nawo unachokera ku South America, pamodzi ndi chinangwa. Makolo akale ankadalira mapira ndi mawere. Tsono iye amene ati America ali kutali waiwala kuti m'mbale mwake muli mphatso ya kumeneko tsiku ndi tsiku.

Mbeu inafika, koma nzeru ina inatsalira. Eni chimanga amachiphika ndi laimu kapena phulusa asanachipere, ndipo potero thupi limapezamo chakudya chimene chikadapita pachabe. Kumene chimanga chinapita popanda mwambo umenewu, anthu osauka ochidya chokhachokha anagwidwa ndi nthenda ya pelagra, yokakalitsa khungu. Mbozi yoononga chimanga imene inaoneka mu Africa mu 2016 nayonso ndi ya ku America. Zabwino ndi zoipa za kutali zimafika pakhomo osaodira.

Komabe phindu la m'mimba silo lalikulu. Chachikulu ndi mtima umene mwana atuluka nawo m'kalasi, pakuti pano pali maenje awiri. Loyamba ndi kuphunzitsa za anthu akutali ngati zoseketsa, kuti ana aziti, "Ha, anthu opusa!" Lachiwiri ndi kuwatamanda kufikira mwana anyoza mudzi wake. Maenje onsewa akumbidwa ndi khasu limodzi, ndilo kuiwala kuti enawo ndi anthu.

Mphunzitsi wanzeru akanena za mtundu wa Inca, afotokoze kuti anasema minda m'mapiri, anamanga miseu yaitali, nasunga mawerengero ao pomanga mfundo pa zingwe. Afotokozenso kuti mu 1532 Francisco Pizarro anagwira mfumu yao Atahualpa, nalandira dipo la golide ndi siliva, koma anamuphabe mu 1533. Mwana wa m'malire, amene abale ake ena anatsala ku Zambia chifukwa cha mzere wolembedwa ndi alendo, sasowa womumasulira nkhani yotere. Amvetsa kuti misozi ya anthu ndi imodzi, ndipo kumvetsa kumeneku ndiko chiyambi cha chifundo.

Akulu anati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Mwambiwu ukhudza mudzi ndi mtundu monga ukhudza munthu mmodzi. Choncho sukulu imene ibisira ana dziko lapansi yawamana cholowa chao. Mwana aphunzire Rusa poyamba, kenaka Amazon, kuti akadzakula adzakonde kwao mozindikira, ndi kulandira mlendo ngati munthu mnzake.