Anyani sasekana zikundu

Mukadzapita ku Liwonde kapena kukwera phiri la Zomba, mudzaime pang'ono n'kuyang'ana anyani atakhala pamiyala. Aliyense wa iwo, kaya ndi mkulu wa gulu kaya kamwana, ali ndi zikundu kumbuyo, khungu lolimba lopanda ubweya. Zikunduzo ndiye mpando wa nyani. N'zimene zimam'thandiza kugona chokhala panthambi usiku wonse osamva kuwawa. Makolo athu ataona zimenezi anati anyani sasekana zikundu, kutanthauza kuti anthu amene ali m'vuto limodzi alibe posekerana.

Mwambiwu umandibwerera ndikamadutsa pasukulu ya sekondale nthawi ya buleki. Pansi pa mtengo pamakhala kagulu, maso ali kwa aliyense wodutsa. Uyu amusekera ziphuphu, uyo nsapato yoyasama, winayo akuti ndi wakuda ngati mphika. Mnyamata amene mawu ayamba kumusintha akangoyankha funso, kalasi yonse ili gwa! ndi phwete. Amati akungogemulana, n'zocheza. Koma tayang'anitsitsani amene akuseka kwambiri. Dzanja lili pachibwano kubisa chiphuphu chake, phazi walipinda pansi pa benchi kuti sokosi yobooka isaoneke. Akufulumira kuloza mnzake kuti chala chisafike kwa iye. Kusekako ndi mantha, ndipo ine mwana woteroyo ndimamumvera chisoni chimodzimodzi ndi amene akusekedwayo.

Nanga zimene akusekanazo n'zachilendo? Mwana akamatha msinkhu, mahomoni amachititsa khungu kutulutsa mafuta ambiri, timabowo ta pakhungu timatsekeka, ziphuphu n'kutuluka. Kholingo la mnyamata limakula, n'chifukwa chake mawu amathawa. Miyendo imatalika thupi lisanadzaze. Zonsezi ndi zikundu za msinkhuwo: aliyense ali nazo, ndipo zikusonyeza kuti thupi likugwira ntchito yake.

Kale kuseka kunkathera pachipata cha sukulu. Lero kumalowa m'thumba kudzera pafoni, kukafika nako kuchipinda. Mu 2021 Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito ku Facebook, anaulula kafukufuku wa kampaniyo wosonyeza kuti atsikana ambiri amene sankasangalala ndi matupi awo ankaipidwa kwambiri akalowa pa Instagram. Mwana amadziyerekeza ndi chithunzi chosalazidwa ndi foni, chomwe ngakhale mwini wake safanana nacho.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mafuta oyeretsa khungu. Mtsikana amene wamva mawu oti "wakuda" kwa teremu yathunthu amasunga ndalama ya mandasi n'kukagula kabotolo kumsika. Ena mwa mafutawa amakhala ndi mercury, yomwe imawononga impso, ena hydroquinone, yomwe ukaidzola nthawi yaitali imasiya mabala akuda osachoka. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990, koma mabotolowa akuyendabe m'misika yathu.

Tisangodzudzula ana okha. Ndi kangati mwana wamva azakhali akunena pamaso pa alendo kuti, "Iwe wanenepatu, ukudya chiyani?" kapena amayi akuyamikira mwana wa mnansi chifukwa ndi woyera? Mawu amenewo mwana amawanyamula m'chikwama pamodzi ndi makope, ndipo m'mawa mwake amakawatula pa mnzake amene wakhala naye desiki imodzi.