Mtima wa Nyani m'Chifuwa cha Khanda

Werengani Marko 5:22-43 ndi Aroma 3:8.

Kholo limene mwana wake ali pafupi kufa silifunsa zambiri. Yairo, mkulu wa sunagoge, anagwa pa mapazi a Yesu pamaso pa khamu la anthu, osasamala za udindo wake. Dotolo aliyense wa ana amaidziwa nkhope yotere, ndipo amadziwanso kuti kholo lothedwa nzeru lingavomere chilichonse. Funso lathu lagona pamenepa: kodi sing'anga angafike pati poyesa njira yatsopano pa mwana amene sangathe kunena inde kapena iyayi?

Tiyeni tilingalire za moyo wa mbale wina wa mpingo wathu, Dr. Leonard Bailey. Iye anabadwa mu 1942 ku Takoma Park, m'dziko la America, natsiriza maphunziro a udotolo pa Loma Linda University mu 1969. Pamene anali kusula luso lake pa chipatala cha ana ku Toronto, anaona makanda obadwa ndi mbali ya kumanzere ya mtima yosakula bwino. Mbali imeneyi ndiyo imapopera magazi m'thupi lonse, chotero makandawo anali kumwalira m'masiku owerengeka, ngakhale ziwalo zawo zina zinali zangwiro. Iye sanafune kuzolowera imfa zimenezi. Atabwerera ku Loma Linda, anatha zaka akuyesa kusamutsa mitima pakati pa ana a nyama.

Mu Okutobala 1984 kunabadwa mwana wamkazi wodwala nthenda yomweyi, amene dziko linamudziwa ndi dzina lakuti Baby Fae. Panthawiyo panalibe dongosolo lopezera mitima ya makanda omwalira. Pa 26 Okutobala, makolo atavomera, Bailey anachotsa mtima wa mwanayo naikamo mtima wa nyani wamng'ono. Mtimawo unagunda. Mwanayo anakhala ndi moyo mpaka pa 15 Novembala, pafupifupi masabata atatu.

Otsutsa anachuluka, ndipo tisafulumire kuwayesa adani a choonadi. Ena analirira nyaniyo. Ena anafunsa chifukwa chimene madotolo sanayambe afufuza mtima wa munthu, ndiponso ngati makolo anamvetsa bwino za opaleshoni ina, ya Dr. William Norwood, yokonza mtima womwewo osauchotsa. Akatswiri a National Institutes of Health, atapenda nkhaniyi, anapeza kuti makolo anafunsidwa mwaulemu ndi mosakakamizidwa, koma kuti chikalata chimene anasaina chinakuza chiyembekezo koposa mmene chinaliri. Panalinso vuto la magazi. Mwanayo anali wa gulu la O, limene silipezeka kawirikawiri mwa anyani, ndipo nyaniyo anali wa gulu la AB. Madotolo anadziwa zimenezi, nayembekeza kuti thupi la khanda silidzalimbana nazo kwambiri. Pambuyo pake Bailey anavomera poyera kuti pamenepa analakwitsa koopsa.

Chaka chotsatira, pa 20 Novembala 1985, anaika mtima wa khanda lomwalira mwa khanda lina lotchedwa Baby Moses, ndipo linakula kufikira kukhala munthu wamkulu. Mbiri ya Baby Fae inali itadzutsa makolo ndi zipatala pa za kupereka ziwalo za ana omwalira. M'moyo wake wonse, Bailey anaika mitima mwa makanda 376.

Pano ndi pamene ife timayesedwa. Nkosavuta kuika 376 mbali imodzi ya sikelo, khanda limodzi mbali inayo, ndi kunena kuti nkhani yatha. Komatu Paulo anakana mwamphamvu ganizo lakuti tichite choipa kuti chabwino chitulukemo. Ngati Baby Fae anangokhala mlatho wowolokerapo ana a anthu ena, ndiye kuti analakwiridwa, ngakhale owoloka akadakhala zikwi. Zotsatira za 1985 sizingayeretse ntchito ya 1984, pakuti pa tsiku la opaleshoni palibe amene anali kuzidziwa. Ntchitoyo iyenera kuweruzidwa ndi zimene zinali m'chipindamo: kodi dotoloyo anali kufuna kuti mwana ameneyu, osati wina, akhale ndi moyo? Kodi makolo anauzidwa zoona zonse?

Pa funso loyamba, tikhulupirira kuti moyo wake wonse umchitira umboni. Sanabwerezenso kuika mtima wa nyama mwa mwana, ndipo mitima ya anthu itayamba kupezeka anatsata njira imeneyo kwa zaka zambiri. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo munthu amene amaona wodwala chotero sangakhale manja lende poyembekeza imfa. Kusachita kanthu nakonso ndi chosankha, ndipo amene sayesa kanthu saoneka wolakwa kokha chifukwa chakuti akufa ake salembedwa m'nyuzipepala.

Pa funso lachiwiri tiyenera kuyankha mofatsa. Munthu wachifundo angakuze chiyembekezo popanda kufuna kunama, popeza iye mwini wachikhulupirira. Ifenso timatero pambali pa kama wa wodwala, tikamalonjeza m'dzina la Mulungu machiritso amene Iye sanatiuze. Yesu anatha kulimbikitsa Yairo chifukwa moyo wa mwanayo unali m'dzanja Lake. Dotolo alibe mphamvu imeneyo, ngakhale mkulu wa mpingo alibe. Nchifukwa chake chifundo cha munthu chifunika maso a anzake ochiyang'anira, ndi pakamwa povomera kulakwa pamene kwachitika.

Bailey anamwalira ndi khansa mu Meyi 2019. Mu 2022, ku University of Maryland, madotolo anaika mtima wa nkhumba mwa mwamuna amene anakhala nawo miyezi iwiri. Ameneyo anali wamkulu, ndipo anavomera ndi pakamwa pake.

Kambiranani m'kalasi mwanu: mukadakhala mayi kapena bambo wa Baby Fae, mukadafuna kuti dotolo akuuzeni chiyani musanasaine chikalatacho?